Mbale ya Penti Yofiira

"Ndani watsuka mbale iyi pamodzi ndi zinzake?"

Apongozi aakazi anaima pathandala atanyamula kambale kachitsulo ndi nsonga za zala, ngati agwira khoswe wakufa. Kunsi kwa kambaleko kunali chidontho cha penti yofiira.

"Ndine, amayi," anayankha mpongozi wawo, akupukuta manja. "Ndinaipeza pakhomo la chipinda cha kuseri, ndiye ndinangoti mbale ndi mbale."

"Mbale ndi mbale! Mwamva, abambo ake? Mpongozi wanu akuti mbale ndi mbale. Tsukaninso zonsezi ndi madzi owira, ndipo chinkhupule mwatsukiracho mukachiponye m'chimbudzi."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Ndi chimenechotu! Munthu wanji wosamva mawu popanda kuwavundukula kunsi?"

Nchifukwa chake pakhomopo ankamutcha Kafunse. Sabata inali isanathe chibwerere, koma anali atafunsa kale chifukwa chake tambala wawo ankalira masana, ndi chifukwa chake chitseko cha kuseri chinali ndi loko wakunja. Mwamuna wake, dalaivala wa galimoto za katundu, anamusiya kwa makolo ake chifukwa anali woyembekezera ndipo iye ankakhalitsa kumsewu.

"Safunsa anadya phula, amayi," anatero Kafunse chapansipansi.

"Chabwino, imvani. M'chipindamo muli mlamu wanu, mwana wanga woyamba. Amagwa. Ali ndi khunyu. Nthendayo imayenda m'malovu, ndiye mbale yake ndi yake, kapu yake ndi yake. Inu muli ndi pakati. Mukufuna mdzukulu wanga abadwe akuphupha?"

Kafunse anagwira pamimba asanaganize n'komwe. Mantha anamulowa ndithu, tisamunamizire kulimba mtima.

"Musade nkhawa," anapitiriza apongoziwo. "Kumapeto kwa mwezi uno azakhali ake akubwera kudzamutenga. Ali ndi kanyumba kopanda munthu kumunda kwawo. Khanda silingabadwire pakhomo limodzi ndi thovu."

Pakhonde, Amisiri, apongozi ake aamuna, anangotsokomola n'kupitiriza kukwecha mbale yamtengo ndi sandipepa. Pamenepo ndiye panali pamalo pawo. Aliyense wodutsa pamsewu ankawaona, n'kuwapatsa moni waulemu, poti mbale zawo zinali zotchuka: zotakata, zathabwa loyera, m'mphepete muli masamba ndi timbalame tamtengo wakuda tolowetsedwa m'thabwamo ngati tinamera momwemo. Amasitolo a m'tauni ankazilimbirana.

Mwamuna wake atabwera Loweruka, Kafunse sanadikire kuti avule nsapato.

"Inu, muli ndi achemwali anu, ine osandiuza?"

"Ndikanakuuza ukanandilola?"

"Mwina eya, mwina ayi. Koma mukanandisiya ndisankhe ndekha. Munalankhula nawo liti komaliza?"

Dalaivala anakanda m'mutu. "Ndimawapatsa moni pawindo."

"Pawindo! Chibale ndi fupa, sichiola, koma chanuchi mwachiyanika padzuwa. Nanga kuchipatala anapitako?"

"Amayi anayenda nawo mwa anthu odziwa zitsamba mpaka anatopa. Iwe, zisiye. Amayi akuchitira iwe ndi mwanayo. Wabwera dzana, usayambe kusuntha miyala ya pakhomo la eni."

Koma maso a Kafunse sanapume. M'mawa mwake anaona Amisiri akunyamula kapu ya tiyi: dzanja linkanjenjemera mpaka tiyi wina anathera pathalauza. Anayang'ana mbale yayikulu ya patebulo, imene ankalandirira alendo, n'kuona timitsempha ta masamba ake, tating'ono ngati ulusi. Dzanja lotaya tiyi lingadule bwanji ulusi wamtengo? Ndipo tsiku lonse, Amisiri ali phee pakhonde ndi sandipepa wawo, kuseri kunkamveka go, go, go, ngati gogomole pamtengo wouma.

Funsolo linamuyabwa masiku angapo. Tsiku limene apongozi onse awiri ananyamula mbale kupita nazo kutauni, anathira tiyi m'kapu yadontho lofiira, natenga kiyi pamsomali. Anaima pachitseko. Mantha ankamukokera kumbuyo, chidwi chinkamukankhira kutsogolo, ndipo kwa Kafunse chidwi sichinagonjepo.

"Odi, alamu."

Kugogoda kuja kunasiya. "Ikani pansi, ndidzatenga."

"Ndikufuna kulowa."

"Mwauzidwa za ine?"

"Ndauzidwa."

"Ndiye lowani. Muime uko, kuti mphepo izichokera kwa inu."

Kafunse ankayembekeza mdima ndi fungo la wodwala. Anapeza kuwala kwa pawindo ndi fungo la utuchi. Kukhoma kunali matchizulo atandandalikidwa kuyambira wamkulu mpaka wochepa ngati singano. Pansi panali matabwa, sowo, kasemasema, ndi mphasa yoyalidwa patali ndi zida zonse. Pakati pa zonsezi panakhala mayi wochepa thupi, imvi zitayamba kale, thabwa lozungulira atalipana ndi mawondo. Pakhomopo ankangomuti Wakuseri.

"Ndiye mbale zija mumasema ndinu?"

"Abambo amakwecha n'kupaka mafuta. Nayonso ndi ntchito."

"Nanga zimazungulira bwanji chonchi? Kutauni ndinaona amagwiritsa makina ozunguza thabwa."

Wakuseri anaseka, kuseka kwa dzimbiri ngati chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri. "Makina anga ndi awa." Anaonetsa msomali ndi chingwe chomangidwa pensulo. "Msomali pakati, chingwe chizungulire, basi mwezi watuluka. Ndimadula ndi sowo kunja kwa mzere. Kenaka kasemasema amakumba m'katimu, tchizulo wokhota n'kutsatira pambuyo. Makina amazunguza thabwa, munthu ataima. Ine thabwa limakhala, ndimazungulira ndine."

"Simuboola pansi?"

"Ndinaboolapo zambiri ndili mtsikana. Pano ndimatsina ndi zala, china m'kati china kunja, n'kumva kuti patsala thabwa lochuluka bwanji."

Kafunse anaiwala zoima kumphepo. Anasendera, nakhala pachipika.

"Nanga timbalameti mumajambula ndi penti?"

"Penti?" Wakuseri anakwinya nkhope. "Penti ndi ya mbale yanga yodyera. Taonani."

Anatola kachidutswa ka mtengo wakuda, kopyapyala, kosemedwa ngati phiko. Anakaika pambale, nalemba m'mbali mwake ndi nsonga ya mpeni. Kenaka ndi tchizulo wochepetsetsa uja anayamba kukumba m'kati mwa mzerewo, pang'onopang'ono, akuuzira tizibenthu.

"Dzenje lichepe pang'ono kuposa mlendo wake. Likakula, guluu amaonekera ndipo mbale yanama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

Anapaka guluu, nalowetsa phikolo, naligogoda ndi kanyundo kamtengo. Anaika mbaleyo padera kuti guluu aume, natenga mbale ina ya dzulo lake, napala pamwamba pa mbalame yake mpaka yakuda ndi yoyera zinalingana. Atatero anachita chinthu chimene chinaumitsa Kafunse pachipika paja. Ananyamula mbaleyo kufika nayo kukamwa, nayendetsa mlomo wam'munsi pamwamba pa mbalameyo, uku ndi uku. Kenaka ananyambita pang'ono, nayang'ana ponyowapo pawindo.

"Mukutani?"

"Ndikumva msoko. Zala zanga zinafa ndi zikang'a, sizimva kanthu. Koma mlomo, ngakhale patatsala kokwera ngati tsitsi, umandiuza. Malovuwo amandionetsa mmene mtundu udzaonekere akadzapaka mafuta."

"Mbale zonse mumatero?"

"Tsamba lililonse, mbalame iliyonse."

"Ndi ya patebulo ija?"

"Imene ija inanditupitsa mlomo. Masamba ake ndi ambiri."

"Nanga... nanga imene anandipatsa paukwati?"

Wakuseri anatsitsa mbale pang'onopang'ono. Apa ndi pamene anazindikira chimene wanena. "Ya njiwa ziwiri. Ndinakusemerani ndine. Pepani, alamu. Abambo amaikwecha pambuyo pake, mwina zimachoka."

Kafunse anatuluka osatsazika. Anakaima kuseri kwa bafa akulavula, akulira, atagwira mimba. Chikwatiwire ankadyera zipatso m'mbale ya njiwa ija, mwinanso kunyambita chala n'kutolera nyenyeswa za buledi. Anadikira kugwa tsiku limenelo. Anadikira mawa lake. Mkuja, ali pamwala wochapira, funso linamupeza lokha: nanga apongozi, amene adyera m'mbale ya patebulo zaka zonsezi, agwapo kangati? Nanga a m'tauni ogula aja, bwanji sitimva kuti akungogwa m'misewu?

Tsiku la sikelo anadikira amayi onse atuluke, natsalira.

"Anesi, ndifunse nawo. Khunyu amapatsirana m'malovu?"

"Ayi, mayi. Ngakhale m'mbale, ngakhale m'thovu, ngakhale kugona mphasa imodzi. Ndi vuto la mu ubongo, silidumphira munthu wina. Ndani akudwala?"

"Alamu anga. Ndiye mwana wanga sangatengere pokhala nawo nyumba imodzi?"

"Sangatengere. Mubwere nawo kuno. Mankhwala alipo, ambiri akamamwa mosadumphitsa amasiya kugwa kapena amagwa patalipatali. Akagwa musawaike kanthu m'kamwa. Chotsani zowavulaza, zikatha muwagoneke cham'mbali."

Kafunse anabwerera kunyumba mapazi akupepuka, koma atawauza apongozi aakazi, anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anesiwo adzalera mwana wakugwa ndi iwo? Ine ndalera, ndikudziwa. Zolankhula n'zosavuta pamene mwana si wako."

Mawuwo sanali ankhanza okha ayi. Munali kutopa kwa zaka zambiri, ndipo Kafunse anakumva. Komabe kuyambira tsikulo, apongozi akangopita kumsika, iye ankatenga kiyi. Anaphunzira kupala ndi kusakaniza utuchi wakuda ndi guluu wotsekera timing'alu. Tsiku lina ali pakati pocheza, Wakuseri anaimika mutu.

"Mukumva fungo la nsanza yopsa?"

"Ayi."

"Ndiye yabwera."

Mosathamanga, anaika tchizulo pakhoma, nakankhira mbale pansi pa benchi, nakagona pamphasa ija. Thupi linauma, kenaka linayamba kugwedezeka. Miyendo ya Kafunse inkafuna chitseko. Anaikaniza. Anapinda nsalu yake n'kuika kunsi kwa mutu wa mlamu wake, ndipo zitadutsa anamutembenuzira cham'mbali, namupukuta pakamwa ndi dzanja lake lomwe. Wakuseri atatsegula maso anayang'ana dzanjalo nthawi yayitali.

"Mukadali pano?"

"Ndipite kuti?"

"Ndimadzuka ndekha masiku onse," anatero Wakuseri. "Ndinayamba kuganiza kuti ndi mmene nthendayi imathera."

Azakhali anafika kumapeto kwa mwezi, mayi wathupi, wamawu ngati belu. Dalaivala nayenso analipo, poti ndiye ankayenera kunyamula katundu. Panja panali patamangidwa kale mtolo wa matabwa ndi bokosi la zida. Amisiri anali atakonza zoti mwana wawo azikasemera konko, iwo azikatenga mbale pakutha pa mwezi.

Alendo salandiridwa ndi nkhani, ndiye apongozi aakazi anadzaza mbale ya patebulo ija ndi nthochi ndi mtedza. Azakhali anaiyamikira uku akutafuna.

"Achimwene, manja anuwa Mulungu anawadalitsa. Taonani, ngakhale chala sichikumva polumikiza!"

"Ndi ntchito, achemwali," anatero Amisiri akuwongola kolala.

Kafunse anagwada pafupi ndi chitseko atanyamula thireyi ya tiyi. Mwamuna wake anamuyang'ana ndi diso lakuti usayerekeze. Iye anayerekeza.

"Abambo, ndifunse nawo. Mumadziwa bwanji kuti msoko wafanana, poti zala za mmisiri zimakhala ndi zikang'a?"

"Wayambatu," anadandaula apongozi aakazi.

Koma Amisiri funso la ntchito, pamaso pa mlendo, linawakomera ngati uchi. "Musiyeni, wafunsa zanzeru. Chinsinsi chake ndi mlomo, mwananga. Zala zimanama, mlomo sunama. Umayendetsa mlomo pamsokopo, n'kunyambita pang'ono kuti uone mtundu. Mbale yosapita pamlomo si mbale. Anandiphunzitsa choncho amene anandiphunzitsa, inenso ndinaphunzitsa..."

Anaima pomwepo, pakamwa pali yasa.

"Munaphunzitsa ndani, abambo? Nanga iyi tikudyerayi inapita pamlomo wa yani?"

Azakhali anatsala ndi mtedza m'tsaya, osadziwa kuti ameze kapena alavule. Apongozi aakazi anayang'ana mbale, nayang'ana amuna awo.

"Abambo ake, akunena chiyani mwanayu? Ine ndimadziwa kuti mwana wathu wa kuseri uja amasema ndi manja. Za pakamwazi ndi ziti?"

"Zimachoka ndi sandipepa."

"Sindinafunse za sandipepa. Mbale iyi, imene ndadyeramo chiisemereni, imene ndadyetseramo abusa ndi alendo onse a pakhomo pano, mwana uja anainyambita?"

"Tsamba lililonse, amayi."

Anayankha si Amisiri. Wakuseri anali ataima pakhomo la pabalaza, kumene sanapondeko zaka zambiri, kambale kake kachitsulo kali m'manja. Kafunse anali atasiya loko wosakhoma.

Apongozi aakazi anadzuka, nakhalanso. Anadzigwira pakhosi, pachifuwa, ngati akufufuza pamene nthenda yabisala. Sanaipeze. Zimene anesi analephera kuwauza, mimba yawo yomwe inawauza: anadya, anakhuta, sanagwe.

"Ndiye inu mumadziwa," anatero potsiriza. "Mumadziwa kuti sapatsirana."

"Poyamba ndinkaopa ngati iwe," anayankha Amisiri akuyang'ana pansi. "Nditamuona akuchita, ndinasiya kudyera m'mbale zamtengo. Kenaka ndinaona iwe ukudya, ana akudya, palibe wagwa. Ndiye ndinadziwa."

"Munandiyesera ine ngati galu wolawitsa nyama yokayikitsa! Mutadziwa, bwanji osanena?"

"Ndikananena akanatuluka. Akanatuluka, anthu akanaona amene amasema. Ndani akanagula mbale ya munthu wakugwa? Tikanadya chiyani? Manja angawa ukuwaona."

"Ndiye munasankha mbale."

"Ndinasankha pakhomo."

"Pakhomo pake pati, mwana ali pa loko?" Apongozi aakazi anayamba kulira, kulira koipa, kopanda manyazi ndi mlendo. "Ine ndinasiya kumugwira mwana wanga. Akagwa ndinkaima pawindo n'kumamvetsera mutu wake ukugunda pansi, ndikudziuza kuti ndikuteteza enawa. Dontho ilo ndinapaka ndine ndi dzanja langali. Inu muli pakhonde, mukulandira moni!"

Dalaivala anatuluka mwakachetechete, ndipo posakhalitsa anamveka akumasula mtolo wa matabwa uja. Azakhali anameza mtedza wawo, poti panalibenso chifukwa choulavulira.

"Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero akuyang'ana Kafunse. "Koma aka kameta ndi khungu lomwe."

Apongozi aakazi anapita pamene panaima mwana wawo, natenga kambale kaja m'manja mwake, ulendo uno ndi dzanja lonse. Anatola mpeni patebulo nayamba kupala dontho lofiira. Pentiyo inali itadyerera, poti chaka ndi chaka ankaipakanso. Mpeni unkangoterereka.

"Simukudziwa kugwira, amayi. Bweretsani."

Wakuseri anakhala pansi, napana kambaleko ndi mawondo, nagoneka mpeni cham'mbali. Penti inayamba kugwa ngati mamba a nsomba. Atamaliza anaiwala kuti pali anthu: anakweza kambaleko n'kuyendetsa mlomo pamene panali dontho. Atakumbuka anachita manyazi, nafuna kupukuta ndi malaya.

"Usapukute," anatero mayi ake.

Anatapa mtedza m'mbale yayikulu, nathira m'kambale kachitsulo, nakhala pansi pafupi ndi mwana wawo, mapewa atagundana. Anatola, nadya. Kafunse anasendera natola. Azakhali nawo anatambasula dzanja, akung'ung'udza kuti ulendo wonsewu angoyendera mtedza.

"Mawa tipite kwa anesi aja," anatero Kafunse.

"Tipita tonse," anayankha apongozi ake. "Tidzera pamsewu waukulu."

Amisiri anakhala kanthawi pampando wawo, okhaokha ndi mbale yokongola ija. Kenaka anatsika movutikira, nagwada, natambasula dzanja lawo lonjenjemera kuloza kambale kachitsulo.

Wakuseri anakasuntha pang'ono. Sanakweze mawu.

"Inu dikirani kaye, abambo. Awa ankaopa. Inu simunkaopa."